A Fletcher ndi Filimu Yoima pa Mphindi 19

Mabenchi analipo khumi ndi awiri, lililonse la anthu anayi. Ndiye kuti m'vidiyo ya a Fletcher Gwaza, padoko lina kumpoto kwa Lifuwu, munkalowa anthu 48 atakhala motakasuka, 60 akapanikizana ngati usipa mubeseni. Polowa ndi K300. Koma pofika mwezi wa Epulo chaka chino, filimu ya 2 koloko masana inkaonedwa ndi anthu asanu ndi anayi, tsiku labwino khumi ndi awiri, ndipo atatu mwa iwo ankalipirira mthunzi, osati filimu. Ankafika, kusankha benchi lakumbuyo, n'kuvundikira nkhope ndi chipewa.

A Fletcher anabadwira ku Khombedza mu 1981. Sukulu analekezera folomu 2, fizi itavuta, ndipo ntchito ya vidiyo anaiphunzira kwa a Abbas, omwe anali ndi kanyumba ka kanema kuseri kwa msika m'masiku a matepi akuluakulu aja. A Abbas sanali munthu wolankhula zambiri. Phunziro lawo linali limodzi: chithunzi chikaima, usadikire. Werenga mpaka teni, zimitsa. Ukachedwa makina amatafuna tepi, ndipo tepi yobwereka ku Salima ikatafunidwa unkalipira mtengo wa nkhuku zinayi. Matepi anatha, kunabwera zimbale. Zimbale zinatha, kunabwera fulashi, kanthu kochepa ngati chala koma kotenga mafilimu khumi. Koma a Fletcher anakhalabe munthu wa m'nthawi ya matepi. Akangoona chithunzi chaima, milomo yawo imayamba yokha kuwerenga.

Kudoko anabwera mu 2009, atakwatira a Dailes, omwe kwawo ndi ku Lifuwu konko. Njerwa zomangira vidiyo anaumba okha, kufolera ndi malata 22, n'kugula jenereta yakale kwa mwini boti wina. Zaka zimenezo vidiyo inkadyetsa banja. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti a eni ake, ankachoka panyanja m'mawa, kugona pang'ono, masana n'kudzaza mabenchi onse mpaka ena kukhala pansi. Jenereta ija ndiyo inabala lamulo la nyumbayo. Tsiku lina inazima ekita, ngwazi ya m'filimuyo, atangolowa m'nyumba ya adani. Anthu anafuna ndalama zawo, benchi limodzi linathyoka, ndipo dzino la a Fletcher lakutsogolo linapita tsiku lomwelo. M'mawa mwake analemba pakhoma ndi penti ya boti: FILIMU IKAPANDA KUTHA, MUDZALOWANSO ULERE. Anatola zitsekerero za mabotolo makumi atatu, kuzipaka penti yomweyo ya buluu. Filimu ikafera panjira, aliyense amalandira chitsekerero pakhomo potuluka, n'kudzachipereka tsiku lina m'malo mwa ndalama. Kuyambira pamenepo m'vidiyomo simunachitikenso ndewu. Jenereta inapita, kunabwera sola ndi mabatire awiri, koma lamulolo silinafufutidwe.

Chomwe chinawalanda anthu si vidiyo ina ayi, ndi foni. Mlovi akangoti wapeza ya usipa amagula foni, kuikamo mafilimu, n'kumaonera yekha pansi pa thandala loyanikapo nsomba.

A Dailes amagula mpunga kwa alimi a kusikimu ukangokololedwa, kuusunga, n'kudzagulitsa mtengo ukakwera chakumapeto kwa chaka. Chaka chatha matumba awo 40 anawasungitsa kunyumba ya eni ake, makoswe n'kuboola asanu ndi limodzi. Ndiye tsiku lina m'mawa anaima pakhomo la vidiyo, manja m'chiuno, akuyeza chipindacho ndi maso.

"Bambo a Tikondwe, muno mungalowe matumba angati?"

"Muno simulowa matumba. Mumalowa anthu."

"Anthu ake ali kuti? Dzulo ndinasuzumira. Ndinawerenga asanu ndi awiri, kuphatikizapo inuyo ndi galu wa a Hashim."

"Mwera ukayamba abwera. Sadzapita panyanja."

"Mwera wa chaka chatha unawabweretsa?"

A Fletcher anapitiriza kupukuta sikirini yomwe inali yoyera kale. Pomaliza anagwirizana chonchi: mpunga uyamba kufika pa 1 Juni. Ngati pofika tsikulo sipadzapezeka filimu ngakhale imodzi yoonedwa ndi anthu 24 olipira, theka la mabenchi, ndiye kuti mabenchi atuluka, matumba alowa. A Fletcher anavomera. Ali ndi zaka 44, ndipo kupatula vidiyo palibe ntchito ina yomwe manja awo amaidziwa.

Pakati pa Meyi anapita ku Salima kukabenetsa mafilimu atsopano pa fulashi. Wobenayo anaikamo asanu ndi anayi omwe a Fletcher anasankha okha, a nkhondo ndi a karate omasuliridwa m'Chichewa, ndipo pamalo otsala anaponyapo imodzi ya basela. Anati ndi yoseketsa, yopangidwa ndi achinyamata a ku Lilongwe, koma iye sanaionere. Dzina inalibe, inangolembedwa kuti 10. A Fletcher anayamba ndi asanu ndi anayi aja, ndipo palibe yomwe inaitana anthu oposa khumi ndi atatu. Patatsala sabata imodzi kuti pangano lithe, anatenga choko n'kulemba pabolodi: LOLEMBA 2 KOLOKO, YA KWATHU KONKUNO, KUSEKA KOKHAKOKHA. Nawonso anali asanaionere.

Lolembalo munalowa anthu asanu ndi anayi. Filimu inayamba ndi maliro: azimayi akulira pamphasa, amuna pamipando, bokosi pakati. Mlaliki atangotsegula pakamwa, chivundikiro cha bokosi chinatukuka, malemu n'kudzuka, kufunsa ngati nthawi ya chakudya yakwana. Kenaka panatulukira munthu wovala jasi la mvula dzuwa likuswa mtengo, akukuwa kudzera mufanulo yothirira palafini. Ameneyo anali dairekita, mkulu wojambulitsa, pakuti filimuyo inali ya anthu omwe akujambula filimu. Anakankhira malemu m'bokosi, kulamula kuti maliro ayambirenso. Anayambiranso. Anawaimitsa, ati mkazi wamasiye akulira m'Chichewa, azungu opereka mphotho sangamve, alire m'Chingerezi. Kachitatu analamula kuti onse avule nsapato, malata a nyumba ya malemu asasulidwe, pafoleredwe udzu. Pambali panali mpando wofewa, pampandopo jekete lopanda munthu, ndipo aliyense podutsa ankaligwadira n'kuti "bwana".

Lenard, mlovi yemwe pakamwa pake sipatsekeka, anatembenuka.

"A Gwaza, ekita ndi uti apa?"

"Onerani, muona."

"Ngati ndi wakufayo ndiye taluza. Ekita amayamba n'kufa?"

A Hashim, osoka maukonde, bambo a zaka za m'ma 60 omwe benchi lachiwiri kumanzere ndi lawo chiyambire vidiyo, anagwedeza mutu. "Astaghafirullah. Maliro si masewera." Koma sanatuluke.

Pa mphindi 19, amuna anayi atanyamula bokosi pamapewa, mkazi wamasiye atakweza manja kumutu, zonse zinaima. Mawu zii. Milomo ya a Fletcher inawerenga mpaka teni, chala n'kuzimitsa. Anayatsanso, kuthamangitsa mpaka pomwepo, chimodzimodzi. Anaika ya karate kuti anthu asapite ndi mkwiyo, koma lamulo ndi lamulo, filimu ya pabolodi inali isanathe. Potuluka onse asanu ndi anayi analandira zitsekerero.

Lachiwiri anakulunga makina m'chitenje, kukwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Salima kwa Sulaiman, wokonza mawailesi ndi mafoni. Sulaiman anamasula, kupemerera fumbi, n'kutulutsamo mphemvu ziwiri zouma. Anayesa ndi fulashi yake, makina anayenda bwinobwino.

"Awa alibe mlandu, madala. Mwina zinali mphemvuzi. Nazonso zimafuna kuonera."

Lachitatu asanu ndi anayi aja anabwera ndi zitsekerero zawo, ndipo anabwera ndi ena asanu ndi atatu olipira, chifukwa Lenard anali atalengeza doko lonse za wakufa wofuna chakudya. Anaseka pomwe mkazi wamasiye ankayesa kulira m'Chingerezi. Anatsutsana ngati jekete lija lili ndi munthu wosaoneka mkati kapena ayi. Pa mphindi 19 bokosi linakwera pamapewa, zonse zinaima. Teni, kuzimitsa. Zitsekerero khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"A Gwaza, bokosilo likuwalemera makina," anatero Lenard pakhomo. "Muuzeni atsike ayende yekha. Si wamoyo uja?"

Lachinayi a Fletcher anabwereranso ku Salima, ulendo uno kwa wobena, kuti afufute filimuyo n'kuikamonso mwatsopano. Lachisanu vidiyo imatsegulidwa 3 koloko, Asilamu akatuluka kumzikiti. Mwera unali utayamba, maboti ambiri ali kumtunda. Munalowa khumi ndi asanu ndi awiri a zitsekerero ndi olipira 21. A Fletcher anawerenga kawiri, kusuzumira kunja ngati kukubwera ena atatu. Kunalibe. Ndipo pa mphindi 19 filimu inaima pomwe imaimira.

Ulendo uno anthu sanaseke kwambiri. Mayi wina wogula nsomba anati iye anaonapo zoterezi kwawo: bokosi likakana kupita kumanda limakana, ngakhale anyamule amuna khumi, ndipo pamafunika wachibale alankhule nalo. Wina anati vidiyo ya a Gwaza aitchera. Zitsekerero zinali makumi atatu basi, anthu 38. Asanu ndi atatu otsalawo a Fletcher anawadontheza penti ya buluu pachikhadabo cha chala chachikulu.

A Dailes anadutsa akuchokera kusikimu.

"Ndamva mwadzaza lero. Olipira angati?"

"21."

"Mawa?"

"Mawa ndi a zitsekerero."

"Ndiye kuti mawa mudzaza ulere. Ngolo yoyamba ifika Lamlungu masana, bambo a Tikondwe. Sindikukuthamangitsani, ndikungonena."

Pakhomo la vidiyo pamakhala a Asiya ndi mbaula yawo, kukazinga zitumbuwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pamenepo, sanalipirepo K300, koma mafilimu onse amawaonera chammbali, pampata wa katani. Anadikira a Dailes apite, n'kulankhula akupakira mafuta otsala m'botolo.

"A Gwaza, ine za makina sindizidziwa. Koma filimu ikaima, utsi umaimanso?"

"Zonse zimaima, chemwali. Chimakhala chithunzi."

"Nanga uja unkakwera bwanji? Kumbuyo kwa olirawo kuli moto, pali mphika. Anthu aima, utsi ukupita. Masiku atatu onsewa. Ine ntchito yanga ndi utsi, ndimauona."

A Fletcher anaima ndi loko m'manja. "Bwanji osanena Lolemba?"

"Munandifunsa? Inu mumathamangira limoti ngati mwaona njoka."

Loweruka m'mawa anadzitsekera m'vidiyo okha. Anathamangitsa filimu mpaka mphindi 18, kuika limoti pabenchi lakutali, n'kukhalira manja awo. Bokosi linakwera pamapewa. Zonse zinaima. Anawerenga mpaka teni, thupi lonse likuwayabwa. Anapitirira, makumi awiri, makumi atatu. Kumbuyo kwa olira utsi unkakwera pang'onopang'ono, mphepo n'kumaupinda. Filimu sinali itaima ayi. Anthu ake ndiwo anaima dala, ngati zitsa, kwa mphindi zitatu ndi masekondi 40, ndipo pambuyo pake inapitirira bwinobwino mpaka kumapeto, mphindi 74 zonse pamodzi. Choyamba chomwe a Fletcher anamva ndi manyazi: maulendo awiri a ku Salima, fumbi lonse lija, mphemvu zosalakwa. Kuseka kunabwera pambuyo, ndipo anaseka okha m'chipindamo mpaka kutsokomola.

Tsono panali zosankha ziwiri. Akanatha kuthamangitsa malo oimawo masana, anthu osadziwa kanthu, mtendere. Koma anali ataona okha kuti chomwe chimabwera pambuyo pa kuimako chimaseketsa chifukwa choti munthu wadikira mpaka kutopa. Kuchotsa kudikirako kunali ngati kugulitsa chitumbuwa chosapsa mkati. Komanso ankadziwa kuti anthu odzaza chipinda, omwe anamizidwa kale katatu, sadikira mphindi zinayi mwaulemu. Ndipo ankachidziwa chala chawo. Nthawi ya 2 koloko itatsala pang'ono, anayatsa filimu, kutuluka, n'kupereka limoti kwa a Asiya.

"Muiike pansi pa beseni. Ngakhale ndibwere ndikulira, musandipatse."

Tsikulo mwera unali utakwiya, palibe boti lomwe linalowa m'madzi. A zitsekerero ndi a zikhadabo za buluu anafika onse 38, olipira 19. Anthu 57, ena pansi, ena chiimire m'mbali mwa khoma. Omwe anali ataonera kale ankanena mawu a malemu iye asanawanene. Mphindi 19 itayandikira, chipinda chinayamba kung'ung'udza ngati njuchi.

Zonse zinaima.

"Zayambika."

"Zimitsani, a Gwaza, tisatayepo nthawi."

"Zitsekerero. Ndipo lero mutipatse ziwiriziwiri."

A Fletcher anaima kutsogolo pambali pa sikirini, kukweza manja onse awiri kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu. Milomo yawo inali ikuwerenga yokha, teni anali atadutsa kalekale.

"Limoti ndilibe. Yang'anani utsi."

Chitsononkho cha chimanga chinawadutsa pakhutu n'kumenya khoma. Kumbuyo benchi linakhuluka, anthu akuimirira. Wina anafunsa ngati a Gwaza atopa nawo mano otsalawo. A Fletcher analoza ndi chala pakona ya sikirini, osachotsa.

"Dikirani," anatero Lenard. Wina kumbuyo anavomera: "Ukuyendadi. Wallahi ukuyenda." Phokoso linayamba kutsika benchi ndi benchi. Kenaka anthu anayamba kuona zina. Thukuta linkatsika pamphumi pa wonyamula bokosi wakutsogolo. Bondo la mnzake linkanjenjemera. Ntchentche inatera pamphuno ya mkazi wamasiye, iye osaphethira. Mphindi yachitatu ili mkati, kuchokera kumanzere kunalowa nkhuku yathadzi, yosafulumira, ikuyenda pakati pa miyendo ya olira ngati yabwera kudzayendera ntchito. Inafika pa mlaliki, kuyang'ana chala chake chaphazi, n'kujompha. Maso a mlaliki anatsika pansi, thupi osagwedezeka. Inajomphanso. M'bokosi munamveka kutsokomola.

Chipinda chinaphulika. Mayi uja wa bokosi lokana kupita kumanda anagwira mnzake paphewa, misozi ikutsika. Ndipo dairekita anatulukira akudya nthochi, kuika fanulo pakamwa: "Ndalama yoyendera yatha. Yatsala yoimira. Aliyense akhale chomwecho mpaka bwana asaine." Anapita ndi pepala kwa jekete lija, kugwada, kulowetsa cholembera m'mkono wake wopanda dzanja. Cholembera chinagwa. Nkhuku inaponda pepalalo ndi phazi lamatope, dairekita anayang'anitsitsa, kunena kuti siginecha ndi yomweyo, ndipo maliro ananyamuka.

Si onse anaikonda. Anthu khumi ndi mmodzi anatuluka isanathe. Wina potuluka anati, "Ndabwera katatu kuti ndidzaone nkhuku? Kwathu zilipo." Ena anadandaula pomwe filimu inayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, olira akumeza misozi yawo, ati tsopano makina awonongekadi, ndipo a Fletcher anangogwedeza mutu kukana. Chakumapeto dairekita analandira mphotho m'hotela yaikulu, dzungu pambale yagalasi, azisudzo ake akuonerera pawindo kunja, akadali opanda nsapato. Malemu chakudya sanachilandire. Filimu inatha iye akuyenda pamsewu wafumbi, bokosi lake pamutu, kukalibweza kwa kalipentala.

"Yatha?"

"Yatha."

"Ndewu ili kuti? Palibe ngakhale wamenyedwa khofi."

"Chitsekerero palibe lero," anatero a Fletcher. "Yafika kumapeto."

Masiku onse filimu ikatha anthu amabalalika nthawi yomweyo. Tsikulo anakhala panja pafupifupi ola, zitumbuwa za a Asiya zinatha mpaka zopserera. Ena ankati ekita ndi malemu, ena nkhuku. Wina anati anyamata a ku Lilongwe amasuta. Mphunzitsi wina wa kupulayimale anayamba kufotokoza tanthauzo la jekete, koma anamudula pakati, ati jekete lotere aliyense analigwadirapo, safuna kuuzidwa. A Hashim anakhala pachitsa akukanda galu wawo kukhutu, ndipo phokoso litatsika pang'ono analankhula.

"Zaka zitatu zapitazo kunabwera anthu a makamera padoko pano. Anandiuza ndivule wotchi, ndivule nsapato, ndiime pafupi ndi bwato lobooka la malemu achimwene anga. Ukonde wanga watsopano anati ndiubise, anandipatsa wong'ambika. Ndinaima theka la ola, osagwedezeka, ngati a m'filimu aja."

"Anakupatsani zingati, che Hashim?" anafunsa Lenard.

"Botolo la madzi."

Anthu anaseka, iwo osaseka. "Koma bokosi lija asakanaliseweretsa. Pamenepo analakwa. Tonse tikupita kumeneko."

"Ndiye mawa simubwera," anatero a Fletcher.

"Ndibwera. Pali pena sindinamve bwino. Anawa amasokosa."

Lamlungu, pa 1 Juni, a Dailes atachoka kutchalitchi anadzaima okha pakhomo, osasintha ndi zovala zomwe. Zitsekerero zonse zinali zitabwerera m'chitini, aliyense wolowa anali wolipira. Pafupifupi theka anali oti anaonera kale, abwera ndi anzawo. Pa mphindi 19 atsopanowo anayamba kukuwa kuti zimitsani, akalewo n'kumawaseka. Lenard anauma chitumbuwa chili pakamwa, a pabenchi lake anaumanso, mpaka mabenchi atatu anali zitsa zokhazokha kudikira nkhuku. A Dailes anaonera zonsezi atagwira katani. Pomwe mlaliki anajomphedwa anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Ngolo inafika 4 koloko ndi matumba khumi ndi awiri.

"31," anatero a Dailes. "Pangano ndi pangano, vidiyo ikhale. Koma anthu 31 amakhala mabenchi angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Anayi otsalawo akudikira ndani?"

"Dzulo tinali 57, mayi a Tikondwe."

"Dzulo anali a ulere. Tsiku lomwe olipira adzafike 48, matumbawa ndidzawatulutsa ndekha pamutu."

A Fletcher anayang'ana ng'ombe za pangolo, kuyang'ana akazi awo, n'kulowa kukanyamula benchi loyamba. Mabenchi anayi akumbuyo anapita pansi pa mtengo wa mango, matumba anasanjidwa kukhoma n'kuphimbidwa ndi lona. Vidiyo tsopano ndi ya anthu 32, ndipo mumanunkhira mpunga.

Filimuyo yakhala pabolodi sabata ndi theka. Olipira anali 28, kenaka 26, 27, ndipo dzana 19. A Fletcher akudziwa kuti filimu imodzi singakoke anthu mwezi wathunthu. Kumapeto kwake, m'munsi mwa mayina a ochita nawo, muli nambala ya foni, ndipo dzulo anaimba. Anayankha ndi mtsikana, Thandiwe, yemwe anati ndiye analemba ndi kujambulitsa. Poyamba ankaganiza kuti akumunamiza. Anati ku Lilongwe inaonetsedwa kamodzi, kwa anthu khumi ndi anayi, asanu ndi mmodzi n'kutuluka pamalo oimawo. Kenaka anafunsa kuti a Fletcher anaipeza kuti. A Fletcher ananena zoona, kuti inali ya basela kwa wobena. Thandiwe anaseka, koma osati kwambiri. Anamaliza atagwirizana kuti pa K300 iliyonse K50 izipita kwa eni filimu, ndipo iye ali ndi mafilimu ena awiri aafupi, omwe sanaonetsedwepo kwina kulikonse.

Lachinayi a Fletcher akwera minibasi ya 6 koloko m'mawa kupita ku Lilongwe kukatenga mafilimu awiriwo. Lachisanu m'mawa awaonera okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo yoyamba aionetsa Loweruka 2 koloko masana.